Ndinabweza fomu ya tchuthi cha abambo poopa kusekedwa

Inu owerenga, ine ndinapatsidwa masabata awiri m'manja n'kuwabweza mwamwano, ndipo lero ndikulera mwana ndekha. Ndikuuzani mosabisa kuti wina asadzapunthwe pa chitsa chomwechi.

Ndimagwira ntchito yophika pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay. Mkazi wanga Esinati ankakhala kwawo ku Chinguluwe komwe ankalima mpunga, ndipo Lolemba lililonse, tsiku langa lopuma, ndinkapalasa njinga kukamuona. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. Ndinkamangirira chambo chowamba pakaliyala, iye n'kumva belu la njinga ndisanakhote n'komwe pa mtengo wa mango. Ankatuluka matope ali m'miyendo, akuseka kuti wophikira azungu wabwera kudzaphunzira kuphika mpunga. Sankanama ayi, mpunga wa Esinati sindinaufikepo mpaka lero.

Pathupi pake patakula, a manejala athu, mayi Chisale, anandiitanira mu ofesi. Anandiuza kuti malamulo a ntchito anasintha, tsopano bambo nayenso amapatsidwa masabata awiri mkazi wake akabereka, malipiro osadulidwa. Anandipatsa fomu yoti ndilembe, ndipo ndinatuluka ndikumwetulira.

Ndinalakwa kuionetsa kukhitchini. Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti. A Jafali, oyendetsa boti la alendo, amene ndinkawalemekeza ngati bambo anga, anapukusa mutu nati, "Walahi achimwene, ndiye mukayamwitsa ndinu? Mwamuna m'chikuta akasakamo chiyani?" Paja kwathu kuno mayi akabereka amabindikira ndi khanda mpaka mchombo utagwa, ndipo timati zimenezo n'za amayi okhaokha. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka "azamba". Ine ndi mtima wanga wokonda kutamidwa ndinakabweza fomu ija yosalemba. Mayi Chisale anandifunsa kawiri konse ngati ndaganiza bwino. Ndinawayankha kuti ine si mkazi.

Esinati anabereka mwana wamkazi kuchipatala, natulutsidwa mawa lake. Ndinathamangira kukawaona, ndipo potsazika anandigwira dzanja n'kufunsa ngati kuntchito sangandilole masiku angapo, poti amayi ake maso anali atafooka ndipo akulu ake anakwatiwa kutali. Ndinamunamiza, inu owerenga. Ndinati abwana akana chifukwa alendo achuluka. Iye anangoti, "Chabwino bambo a mwana, pitani, ntchitoyo ndi imene imatidyetsa."

Lachisanu anandiimbira foni kuti mutu ukumuwawa koopsa ndipo akuona mwachimbuuzi. Ndinali pakati pokonza nsomba za phwando la ukwati. Ndinamuuza kuti amwe panado agone, ndibwera Lolemba. Apongozi anga sanathe kuona kuti nkhope ya mwana wawo yatupa, anangoti ndi kutopa kwa uchembere. Loweruka masana Esinati anakomoka. Mmene anansi ankapeza galimoto n'kumufikitsa kuchipatala zinthu zinali zitaipa kale, ndipo ine ndinapeza atamufunditsa nsalu kumaso.

Namwino anandiuza kuti magazi ake anathamanga kwambiri, ndipo akanabwera tsiku limene mutu unayamba mwina akanapulumuka. Kuchoka pakhomo pathu kukafika kuchipatala chaching'ono sipatha ola limodzi panjinga. Njinga yanga, yomwe ija ya belu, tsiku limenelo inali itatsamira khoma la khitchini ku Senga Bay.

Pamaliro a Jafali analira ngati mwana. Sindiwasungira chakukhosi, chifukwa fomu ija ndinakaibweza ndi miyendo yangayi. Dzina la azamba palibe analitchulanso. Koma taonani, ntchito zimene ndinkachita nazo manyazi kwa masabata awiri okha ndazigwira zaka zitatu tsopano. Ndachapa matewera, ndaima pamzere wa kusikelo mwana ali kumbuyo amayi akundiyang'ana, ngakhale kuluka tsitsi ndaphunzira. Manyazi aja sindidziwa kumene anapita.

Abambo anzanga, lamulo likakupatsani masiku amenewa atengeni. Funsani kuntchito kwanu mkazi asanachire, lembani fomu, mukakhale pakhomo. Ngakhale osalowa m'chikuta, mukhale pakhonde pomwepo njinga ili pafupi. Mayi amene wangobereka akati mutu ukuwawa, musanene za panado, thamangirani naye kuchipatala. Anzanu oseka aja adzaseka masiku awiri n'kupeza nkhani ina.

Mwana wanga Tadala ali ndi kaseko ka amayi ake, ndipo tikakhala ku Chinguluwe, akamva belu la njinga amathamangira ku mtengo wa mango uja. Ndikapita naye kwa agogo ake, iwo amamusisita kumutu n'kuyamba kutukwana abwana anga ouma mtima amene anandimana masiku oti ndikhale ndi mwana wawo. Ine ndimangowerama. Tsopano Tadala nayenso wayamba kubwereza mawu omwewo, ndipo tsiku lina ndidzayenera kumukhazika pansi n'kumuuza kuti abwana aja sanakane.