Mtsikana amene sankamwa madzi

Chaka chimene anatimangira kanjira kotsetsereka ka simenti pakhomo la Sitandade 5, ndinkayenda monyada ngati ndakamanga ndekha. Ndinali nditangobwera kumene ku maphunziro pa boma, komwe anatiuza kuti mwana wolumala aziphunzira limodzi ndi anzake, ndipo yoyenera kusintha ndi sukulu, osati mwanayo. Mawuwo ndinawaloweza ngati vesi, mlendo aliyense ndinkamulalikira.

M'kalasi mwangamo munali mtsikana woyenda pa njinga ya olumala, mwana wa msodzi wa ku Senga Bay. Pa masamu analibe mnzake. Koma nthawi ya buleki, anzake akamalimbirana madzi pamjigo, iye ankatsala m'kalasi milomo itauma gwa. Ndikamupatsa botolo langa ankangopukusa mutu. Poti kwawo ndi Asilamu, ine wa ku Maganga wokulira m'tchalitchi ndinangoti akusala kudya. Sindinafunse, ndipo ndinkadziona waulemu kwambiri posafunsapo.

Tsiku lina mu Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, anakomoka padesiki. Atatsitsimuka ndinaitanitsa bambo ake nditapsa mtima.

"Bambo, kusala n'kwabwino, koma mwana wotere, dzuwa lake limeneli? Mukufuna atifere pano?"

"Aphunzitsi, Ramadani inatha kalekale, sitikufunga ife. Kodi inuyo munalowamo m'chimbudzi cha ana?"

Ndinali ndisanalowemo, aphunzitsife tili ndi chathu chokiya. Tinapita limodzi. Njira yake inali mchenga wokhawokha, woti matayala angotitimira. Pakhomo panali masitepe awiri ndi chitseko chopapatiza, pansi ponseponse ponyowa ndi zimene mukuzidziwa.

"Kuti alowe umu ayenera kukwawa," anatero bambowo. "Manja omwewo akagwirenso kope. Ndiye salawa madzi kuyambira m'mawa mpaka ndidzamutenge. Anandiletsa kukuuzani, akuti mumusiyitsa sukulu."

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Nkhaniyo ndinapita nayo ku komiti ya sukulu, kumene anandiyamikira n'kundiuza kuti tidikire mvula idutse. Mtsikanayo ndinamupatsa kiyi wa chimbudzi chathu, koma nachonso chinali ndi sitepe, mchenganso womwewo. Anayamba kudandaula kupweteka kwa m'chinena, n'kumajomba. Teremu yotsatira sanabwerenso. Ndinapita kwawo kawiri, bambo ake anati wakana yekha, watopa.

Kanjira kaja kalipobe. Kukamabwera alendo timakasesa bwinobwino, ahedi n'kuwaimika pomwepo kuti ajambule zithunzi, ndipo ine zimandinyansa.

Chaka chatha ndinadutsa kwawo kwa mtsikana uja masana. Ndinamupeza pamkeka akusankha usipa, atakula. Anandilonjera mwaulemu, n'kunditungira madzi mumtsuko umene unali pambali pake.

"Imwani aphunzitsi, kwatentha."

Kapuyo ndinailandira ndi manja awiri, koma kumwa kunandikanika.