Bokosi la Mapesi

Tswee, tswee. Phesi louma limalira choncho akamalisenda ndi lezala, ndipo madzulo ambiri a chaka chimenecho phokosoli linkachokera kuseri kwa mpanda wathu.

Chinali chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere. Ana tinachuluka ngati ngumbi, moti kalasi yathu, kufupi ndi Mitundu, inkaphunzirira pansi pa kachere. Aphunzitsi a masamu anatiuza kuti aliyense akapange bokosi la mbali zonse zofanana, lomwe iwo ankalitcha kyubu. Labwino koposa lidzapachikidwa pa nthambi kuti tonse tiziphunzirirapo. Ine sindinkayankhula m'kalasi, ndipo aphunzitsiwo dzina langa sankalidziwa. Ndinkafuna kuti anyamule langa, afunse kuti wapanga ndani.

Kapangidwe kake tonse tinkakadziwa. Umasenda khungu lolimba la phesi n'kuling'amba timizere. Kofewa kam'kati umakadula tizidutswa, ndipo timizere tija umatibaya m'tizidutswamo kuti pakhale makona.

Ndinkakhala ndi agogo anga aakazi, pakuti makolo anga anamwalira ndili wamng'ono. Nyumba yathu inali m'malire mwa esiteti ya fodya. Kuseri kwa mpanda kunkakhala banja la matenanti ochokera ku Mulanje, ndipo mwana wawo wamwamuna ndinali naye kalasi imodzi.

Bokosi langa linkapendekeka. Ndikaliimika, linkaweramira mbali imodzi ngati nkhokwe yodyedwa ndi chiswe.

"Bwera nacho kuno chinthu chakocho," anatero agogo. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Anamanga makona onse ndi luzi, mfundo zake ngati akumangirira mbuzi, mpaka tizidutswa tija tinaphwanyika.

"Chaima?"

"Chaima, agogo."

"Ndiye kasambe."

Chinali chitagona pansi.

Mpanda wathu wa udzu unali ndi kampata, ndipo ndinayamba kukhala pamenepo. Bambo a mnzanga uja ankakhala pa ndowa yovundikira, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anadula kamzere kamodzi, ndipo tina tonse ankatiyezera pa komweko. Atamaliza makona, anabaya kamzere kena kopingasa mbali iliyonse.

"Chigafa cha fodya chopanda chopingasa chimagwa ndi mphepo yoyamba," anatero. "Gwira apa."

"Ababa, ndatopa."

"Watopa ndi chiyani, poti ukungondiyang'anira ngati kapitawo? Gwira, bwana wamkulu!"

Anaseka onse awiri. Kenako bambowo anaika dzanja lawo pamwamba pa dzanja la mwanayo, n'kuyendetsa lezala limodzi naye. Tswee. Mnyamatayo ankayasamula, maso ali kwa anzake amene ankasewera mpira kumsewu. Dzanja limenelo likanakhala pa langa, sindikanaphethira n'komwe. Ndinkalakalaka lezalalo litamucheka pang'ono chabe, komanso ndinkadziwa kuti bambo ake akanamuyamwa chalacho n'kumumanga kansanza, ndipo zimenezo zikanandipweteka koposa.

Nzeru ija ndinaiba ndi maso. Ndinayeza timizere tanga pa kamzere kamodzi, ndinaika zopingasa, ndikudula ndi mpeni wa agogo wosendera mbatata. Bokosi langa linaima. Ndinalikankha ndi chala, silinapendekeke. Ndinaliyang'ana mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku lopereka, ndinaona chimene kampata kaja kanandibisira. Chifukwa cha mphepo, ntchito yotsala mnzanga uja ndi bambo ake anakaimalizira m'nyumba. Nthawi imeneyo mapepala a zipani anali mbwee m'mitengo ndi m'magolosale, ena atang'ambika kale. Bambo aja anatola ena, anawadula mofanana, n'kuwamata ndi phala la ufa wa chinangwa, mbali iliyonse mtundu wakewake. Langa linali mafupa okhaokha.

Aphunzitsi anadutsa langa osaima. Ananyamula la mnzanga uja.

"Wapanga ndani ili?"

"Ine, sala."

Ndinayang'ana pansi. Ndikanati ndinene, ndikananena chiyani? Kuti iye ali ndi bambo?

Analipachika ndi ulusi wa thumba la feteleza. Mphepo ikawomba linkazungulira pamwamba pa mitu yathu, aphunzitsi akuloza ndi ndodo mbali zake ndi makona ake, ife tikubwereza. Ine ndinkabwereza ndi milomo yokha. Langa ndinabwerera nalo kunyumba, ndipo m'mawa wina agogo, posaliona bwino, anakolezera moto. Mapesi amayaka msanga.

Fodya atagulitsidwa, matenanti anayamba kumanga katundu. Lole ya pa esiteti inabwera kudzawatenga kuti ikawasiye ku Nathenje, komwe akakwere basi ya kwawo. Ndinali pa kampata kanga, ndikuona mphasa ndi mapoto zikukwezedwa, pamene mnzanga uja anazungulira mpanda n'kundipeza. M'manja anali ndi bokosi lija, mapepala ake atayamba kufwifwa.

"Aise, umayesa sitinkakuona pamenepa? Ababa ankati tili ndi kadzidzi kumpanda. Tenga, m'lolemu liphwanyika."

Manja anga anali kumbuyo.

"Nanga iwe?"

"Aa, ababa akandipangira lina tikafika."

"Iwe, bwana wamkulu, lole ikusiya!" anafuula bambo ake.

Anandikoka mkono, n'kuika bokosilo m'dzanja langa. Linali lopepuka ngati mulibe kanthu. Anathamangira kumsewu, ndipo bambo ake anamugwira m'khwapa n'kumukweza m'lole.