Wachibwibwi Amene Anafunsa ndi Zala

Tsiku limene anamuchotsa ku koleji ya ntchito zamanja, mnyamatayo sanalire. Anakulunga ovolosi yake, n'kuponya pulayazi ndi tesitala m'jumbo, n'kutuluka pageti osatsanzika munthu. Mayeso a zamagetsi anali atamugwetsa kachiwiri.

Inu amene mwatsala pang'ono kugwa ulesi ndi sukulu, tamvani za munthu ameneyu.

Mutu unali bwinobwino, manja analinso aluso. Vuto linali chibwibwi. Ali chaka choyamba, anakweza mkono kuti afunse za switchi ziwiri zoyatsa babu limodzi. "Ma-ma-ma..." Mawu anakakamira pakhosi. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kokani chingwe, jenereta yakana kulira!" Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo dzina lakuti Jenereta linamumatirira.

Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa. Chimene sanamve ankapita nacho kunyumba chili chosamva. Pa mayeso, woyesa ankafuna kuti wophunzira afotokoze mmene walumikizira mawaya. Jenereta ankangotuluka thukuta mpaka nthawi kutha.

Anabwerera kwa achemwali ake, telala wosokera pakhonde, n'kumagona pabalaza. Alamu ake, dalaivala wa lole, anamupezera ntchito yonyamula katundu musitolo ya zipangizo zomangira.

"Alamu, simenti ilibe mafunso," anatero akuseka. "Inu kungoisenza basi."

Anasenzadi mpaka mapewa anachita zikang'a.

Tsiku lina musitolomo munalowa mayi amene ankamuphunzitsa zamagetsi, kudzagula waya. Jenereta anathawira kuseri kwa zitini za penti.

"Iwe, tuluka," anatero aphunzitsiwo. "Zitini za penti sizivala nsapato."

Anatuluka, maso ali pansi. Iwo sanamufunse zambiri. Anangomuuza kuti koleji yayamba kuphunzitsanso kudzera pa intaneti, ndipo ngakhale amene analephera akuloledwa. Maphunziro amabwera pa vidiyo, zogwira ndi manja amachita Loweruka ku koleji.

"Ndipo funso umachita kulemba," anawonjezera. "Palibe amene adzamve mawu ako kufikira utafuna wekha."

Foni yake inali yamabatani. Atafotokoza kunyumba, achemwali ake anaimitsa makina, n'kutulutsa foni yawo yong'aluka galasi, imene makasitomala ankawapezerapo.

"Tenga."

"Na-nanga ma-makasitomala anu?"

"Wofuna diresi khomo akulidziwa. Mlongo ndi mmodzi, makasitomala ndi ambiri."

Sikuti zinangoyenda myaa. Foniyo inkatentha n'kuzima phunziro lili mkati. Kunyumba netiweki inkagwira pokhapokha ataima pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Tsiku lina mwini sitolo anamupeza pa matumba a simenti maso ali pafoni.

"Ndinakulemba ntchito yoonera mafilimu?"

Jenereta anangowapatsa foniyo. Bamboyo anayang'anitsitsa mawaya ofiira ndi akuda a mu vidiyoyo, n'kumubwezera.

"Nthawi ya nkhomaliro yokha. Ndipo uzikhala kuseri kwa ofesi, intaneti yathu imafika pamenepo."

Chimene chinamukoma mtima ndi chakuti vidiyo sitopa. Ankaimitsa, kubweza, kuimitsanso. Aphunzitsi a m'foni sankausa moyo kapena kuyang'ana wotchi.

Koma funso la switchi ziwiri lija linali likadalipo. Analilemba pagulu la ophunzira la pafoni, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Kenako anatsinzina n'kutumiza.

Palibe anaseka. Mayi wina wa m'gulumo analemba kuti, "Zikomo achimwene, inenso zimandizunguza mutu koma ndimachita manyazi." Winanso anavomereza. Aphunzitsi anayankha ndi chithunzi chojambula pamanja.

Dziwe linali litaphulika. Mafunso anayamba kutuluka m'mawa ndi masana, mpaka aphunzitsi analemba kuti, "Kodi zonsezi unkazisunga kuti, mwana iwe?"

Mayeso atayandikira, mantha anabwerera, chifukwa kufotokoza pakamwa kunali kosathawika. Aphunzitsi anamuuza kuti azijambula mawu ake akufotokoza ntchito, n'kumawatumizira iwo okha. Uthenga woyamba unali wautali, wodzaza ndi kukakamira. Iye anayembekezera mawu achisoni. Yankho linangoti, "Zonse zolondola, koma waiwala waya wa ethi, wolowa m'nthaka uja. Bwereza." Za chibwibwi sanatchule n'komwe. Anabwereza mpaka anazolowera kumva mawu ake osachita nawo manyazi.

Tsiku la mayeso chibwibwi sichinathawe. Woyesa atafunsa, lilime linamangika monga kale. Koma ulendo uno yankho linali m'mutu lonse lathunthu. Anapuma, n'kuloza waya woyamba, n'kuyamba. Mawu anatuluka movutikira, limodzilimodzi, mpaka anafika kumapeto. Anadina switchi ya uku, babu linayaka. Anadina ya uko, linazima.

Zotsatira zitatuluka zoti wakhoza, achemwali ake analira mpaka kunyowetsa nsalu ya kasitomala. Alamu ake analiza hutala ya lole mpaka aneba anatuluka kudzaona chagwa.

Lero amaika magetsi ndi masola m'nyumba, m'masukulu ndi m'zipatala zazing'ono, ndipo walemba anthu ntchito. Amene anamupatsa ntchito yake yoyamba ya magetsi ndi mwini sitolo uja. Achemwali ake tsopano amasokera m'chipinda chowala bwino, pa makina amagetsi amene anawalumikizira yekha. Pagulu lija sanachokepo. Ophunzira atsopano akafunsa, nthawi zambiri woyamba kuyankha amakhala iye.

Mukamuyamikira amapukusa mutu. Amatchula achemwali ake, alamu ake, aphunzitsi ake ndi bwana wake wakale, aliyense ndi chimene anachita. Zimamutengera nthawi, koma sadumpha ngakhale mmodzi.

Mwina inunso khomo la kalasi linakutsekerani chifukwa cha matenda, ana, ntchito kapena manyazi. Sukulu masiku ano ili ndi makomo ambiri, ena amakwana m'thumba. Gogodani lina. Wina akakutambasulirani dzanja, ligwireni, ndipo mukakwera musamuiwale.

Funsani, ngakhale mawu akukana. Musataye mtima.