Vani Yomwa Madzi a M'nyumba

Kampani imene ndinkagwirako ntchito itatsekedwa, zaka zija boma litangosintha, ndinagula vani yakale yoyera kuti ndizinyamulira anthu katundu. Ndinkatenga makatoni a sopo, shuga ndi mafuta ophikira m'mashopu a amwenye ku Limbe, n'kumakatula m'magolosale a ku Soche, Chimwankhunda mpaka ku Nancholi. Injini yake inali pansi pa mpando, choncho ikayamba kutentha ndinkamvera m'ntchafu geji isanasonyeze n'komwe.

Rediyeta inkadontha. M'mawa uliwonse ndinkatukula mpando, kutsegula chivindikiro, kusuzumira, n'kuthiramo madzi. Pa zitunda za ku Soche singano ya geji inkakwera mpaka pofiira, ine n'kupatuka, kuzimitsa, n'kukhala pamwala kudikira kuti izizire. Madalaivala a minibasi anandiuza mankhwala ambiri. Wina anati ndiswere dzira m'rediyeta, wina anati masamba a tiyi, wina sopo. Ndinayesa zonse. Zinkagwira masiku ochepa, kenako dontho lija n'kubwerera pomwe paja.

Chaka china mu Okutobala mipopi inauma kwathu ku Chimwankhunda. Mkazi wanga ankalawirira ku mjigo wa kukhwawa, kumene galimoto sifika, n'kukwera chitunda ndi ndowa pamutu. Ndowa yoyamba inali ya vani, chifukwa tonse tinkadziwa kuti ikagona pakhomo ifenso tigona ndi njala. Yophikira ndi yosamba zinkabwera pambuyo. Sankadandaula, koma ndinkaona momwe ankagwirira m'chiuno akatula.

Tsiku lina anatula ndowa pafupi ndi tayala, iye n'kukhala pansi pomwepo. Ine ndinayamba kuthira. Madzi ankalowa pamwamba, ena n'kumatuluka pansi, kuyenderera pafumbi mpaka kumapazi ake.

"Bambo, mukuwaona madziwa?" anatero.

"Ndikuwaona, mayi."

"Ndawasenza kuchokera kukhwawa kuti adzamwe dothi? Ine msanawu wakana. Mawa muone pena."

Sanakweze mawu. Ndinangotseka chivindikiro.

Kuyambira mawa lake ndinkaima pa mlatho wa kamtsinje kena n'kutunga ndi chigubu. Madzi ake anali ofiirira, onunkha sopo wa ochapa. Ndinkasefa ndi malaya akale, koma matope ankadutsabe. Vani inayamba kutentha ngakhale potsetsereka.

Inadzawira masana ena pakati pa tauni, pa maloboti, nditadzaza shuga. Nthunzi inatulukira pansi pa mpando, galasi lonse n'kuchita chifunga. Kumbuyo mahutala anali pipii! Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Madala, mukuphika tiyi pamsewu? Chotsani chiphakasacho!" Anthu ogulitsa malonda m'mbali anandithandiza kukankha. Ndinakhala pakhonde la shopu mpaka dzuwa kupendeka, malaya ali chonyowa.

Loweruka ndinamasula rediyeta, kuikulunga m'thumba la saka, n'kukwera nayo minibasi ya ku Limbe. Kuseri kwa mashopu kunali bambo wina wachikulire, Msilamu, amene ankamata marediyeta pansi pa mtengo. Anayamba wapita kumzikiti, ine ndikudikira pa benchi. Atabwera anaitsegula, n'kumalowetsa kawaya m'timipaipi take. Munkatuluka matope, dzimbiri, ndi zinyenyeswa zakuda.

"Izi ndi chiyani, achimwene?"

"Masamba a tiyi."

Sanaseke. Anangopukusa mutu, n'kupitiriza. Atamata anaimiza m'beseni la madzi, n'kupopamo mpweya. Thovu linatulukira pena. Anamatanso. Linatulukira penanso.

"Yatopa iyi," anatero. "Ndikamata apa iboola apo. Chitsulo chatha. Muziithira madzi oyera, mwina ikufikitsani ku dzinja."

"Nanga yatsopano?"

"Ya mtundu uwu? Mukaipeza mudzandiuze."

Ndinabwerera nayo n'kuimanga tsiku lomwelo, mkazi wanga atandigwirira sipanala. Lolemba ndinapempha mwini shopu wina, mmwenye amene ndinkamunyamulira katundu kawirikawiri, kuti ndizitungako pa mpopi wa kuseri kwa sitolo yake. Anavomera. Ndinkadzaza zigubu, zina za vani, zina za kunyumba. Kudontha kunachepa, ngakhale sikunatheretu.

Mvula itagwa mipopi inayambanso kutulutsa madzi, kunja kunazizira, singano ija n'kumakhala pakati. Ndinakwera zitunda za ku Soche osaima kwa masabata angapo, ndipo ndinayamba kuiwala kuyang'ana geji. Kenako m'mawa wina, ndikutuluka mu Limbe ndi makatoni a mafuta, ndinamva kulira kwachilendo kutsogolo kwa injini, ngati kambalame. Makaniko wina wa pa siteji anatchera khutu pang'ono n'kunena kuti ndi pampu ya madzi, ndipo siichedwa kufa. Ndinamufunsa ngati vaniyo ingafike ku Nancholi. Anati mwina, ndikamayenda pang'onopang'ono. Ndinakwera, n'kuliza, n'kumapita m'mbali mwa msewu, maminibasi akundipitirira.