Limba la a Ezron

Ku Chikomeni ukatchula a Ezron Mtonga, anthu amayamba aseka, kenako n'kupukusa mutu. Bambo ameneyu sankakhulupirira munthu. Njinga yawo inkagona kuchipinda, akazi awo a Jemima n'kumailambalala ngati mkazi mnzawo. Koma Lamulungu akakhala pa limba la m'tchalitchi, mapazi akupopa mphepo, zala zikuyenda, ngakhale a mowa ankaima pazenera. Limbalo linali lakale, losiya amishoni, ndipo a Ezron ankalipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba.

Mu 1994 mpingo unamanga tchalitchi chatsopano tsidya lina la dambo. Mayi Faides, otsogolera amayi a mpingo, anaitana amuna awiri a ku Chipata odziwa kusamutsa malimba ndi mapiyano. Anabwera kudzaliona kaye. Wina ankayeza khomo, wina anagwada n'kusuzumira m'kati mwa limba.

"Monire adada. Linapangidwa liti limbali?" anafunsa wogwadayo.

A Ezron anamuyang'anitsitsa. Wofunsa zaka za ng'ombe ndi wogula, apo ayi wakuba!

"Musaligoneke chagada, musaliike pa ngolo," anatero mlendoyo. "Tibwela ndi lole mukatha kukolola."

Kunyumba a Ezron sanadye. "Lole ikalowa mseu wa ku Chipata, aithamangitse ndani?" anafunsa akazi awo. "Ine si mwana."

Mawa lake anthu ali kuminda, anamanga ng'ombe n'kukweza limba pa ngolo, a Jemima akuthandiza uku akung'ung'udza. Analibisa m'chigafa cha fodya n'kuliunjikira matumba a mtedza kuti lisaoneke. Mtedza, abale! Mlimi wamkulu ndithu, wa imvi zake.

Lole itabwera inapeza malo okhaokha, n'kubwerera. Mayi Faides analira, akulu a mpingo anafunsa mpaka kutopa. A Ezron ankangoti, "Lili pabwino. Mudzandithokoza."

Tsiku lotsegulira tchalitchi analibweretsa okha pa ngolo, ali nganga patsogolo. Anthu anadzaza mpaka panja. Abusa atatchula nyimbo, a Ezron anaponda chopopera. Fuuu. Anapondanso mwamphamvu. Pansi panagwa makoko a mtedza ndi tizidutswa ta chikopa cha mvukuto, kenako khoswe wamkulu anatuluka n'kudutsa pakati pa nsapato za abusa.

Mayi Faides anayambitsa nyimbo ndi pakamwa.

A Jemima anawerama n'kunong'oneza amuna awo. "Bambo a Dalitso, mbava zanu zija ndi izi. Sizinachokele ku Chipata."

Limbalo silinalirenso. Ine zimandimvetsa chisoni, pakuti munthuyu ankalikondadi. Kuyambira pamenepo a Ezron ankakhala pa benchi lakumbuyo, manja ali m'thumba, osayang'ana munthu. Koma nyimbo ikangoyamba, ukayang'ana pansi, umapeza mapazi awo akupopabe pa simenti.