Anatema phazi la amuna anga mpaka pafupa

Wina aziti ndikukokomeza, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo aliyense wondiona ndikuseka amafunsa kumene kunapita dzino langa lakutsogolo.

Amuna anga ali ndi shuga, ndipo nthawi imeneyo ankalondera shopu ya mmwenye ku Area 2. Mapazi atayamba dzanzi, achipatala anawang'amba pafupi ndi kakolo n'kudulapo kachidutswa ka mtsempha womvera kukhudza, amati akakapime. Bala linavuta kupola, ndipo litapola mbali yonse ya phazilo inali itafa, mungabaye ndi singano iwo osamva kanthu. Adokotala anati dzanzilo mwina silidzatha, tizingolisamala phazilo.

Patapita zaka, achimwene awo aakulu anatulukira Lamlungu masana ndi sing'anga wakumudzi, amvekere achipatala anasiya chinthu m'mwendomo, pakufunika mphini. Ndinakana, koma alamuwo anandiuza kuti ine ndine wongokwatiwa, magazi ndi awo.

Sing'angayo lamulo lake linali lakuti wodwala akakuwa, ndiye kuti mankhwala alowa. Nanga phazi lakufa lingamukuwitse bwanji munthu? Anatema ndi lezala n'kufunsa ngati amva, ndipo amuna anga, munthu wosatha kunama, anati ayi. Anatemanso mozama, ayi yemweyo. Anataya lezala n'kusolola kampeni, magazi ali chuchuchu pasimenti, mwini phazi akungoyang'ana ngati akuonerera kupha nkhuku. Ndinamulumphira sing'angayo n'kumuluma mkono, alamu anandigwira tsitsi n'kundimenyetsa kukhoma, dzino n'kuthyoka. Ndili pansi, m'kamwa muli magazi okhaokha, ndinkachonderera amuna anga kuti angonama, anene kuti zikupweteka. Pamene anakuwa mwabodza, mpeni unali utagunda fupa.

Bala la munthu wa shuga silichedwa kuwola. Patangopita masiku phazi linada n'kuyamba kununkha, ndipo kuchipatala anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Ntchito inathera pomwepo, ndani angalembe mlonda woyendera ndodo?

Ine ndimakhulupirira kuti m'mwendomo munalibe chinthu chilichonse. Phazi lija linali losamva, inde, koma linkayenda, ndipo mkwiyo wake sunandithere mpaka lero. Inu amene muli ndi wodwala shuga pakhomo, lezala isayandikire phazi lake, bola akutcheni mkazi wamwano. Alamu aja amabwerabe kudzazonda, pa miyendo yawo iwiri, ndipo amati tinachedwa kuitana sing'anga.