Mafuta a Alamu pa Tepi ya Achimwene

Ine ndinali wokonza mawailesi, basi. Benchi langa linali pakhonde la sitolo ina ku Kawale, ndipo ntchito yanga inali mawailesi otafuna makaseti, mawailesi akanema ongoonetsa mchenga, ndi nsimbi zamagetsi zopsa waya. Zimenezo ndinkakonza uku ndikukangana ndi anthu za mpira. Koma makina a malemu achimwene anga ndinkawaopa ngakhale eniake adakali moyo.

Chinali chimakina chojambulira mawu, cholemera ngati thumba la simenti, cha mawilo awiri akuluakulu kutsogolo, tepi yake yofiirira ikuyenda poyera kuchoka pa wilo lina kupita pa linzake. Achimwene anachigula kwa anthu ena amene ankatseka situdiyo yawo. Chimene chinkawasangalatsa n'chakuti tepi imodzi yomweyo inali ndi njira zinayi. Munthu mmodzi ankatha kujambula kanayi, mawu otsogolera panjira yoyamba, gitala pa yachiwiri, tenala pa yachitatu, besi pa yachinayi, kenako zonse n'kumveka pamodzi ngati gulu lathunthu. Mkati mwa sabata achimwene anali kalipentala ku Chinsapo. Loweruka ankakhala pabalaza n'kumadziimbira, kudzivomera okha. Ndikayandikira ankandimenya dzanja. "Iwe manja ako ndi a makaseti," ankatero, "usakhudze."

Anamwalira atadwala kanthawi kochepa. Matepi awo ambiri anatengedwa ndi achibale a kumudzi, ndipo ndinadzamva kuti anakathera m'munda, atamangidwa pamitengo kuti aziopseza mbalame. Inatsala imodzi yokha, imene inali pamakinapo tsiku limene anagonekedwa m'chipatala.

Patapita zaka zingapo, nthawi imene ma CD anali atayamba kutilanda ntchito ife a makaseti, akazi awo anabwera pabenchi panga. Sanakhale pansi.

"Alamu, mawu a achimwene anu ayamba kundithawa," anandiuza choncho. "Nkhope ndikuiona, chithunzi chilipo. Koma ndikati ndikumbukire mmene ankandiitanira, m'mutumu mukungoti zii. Mundikonzere makina aja."

Ndinafuna kukana. Koma ali chiimire pomwepo ndinayesa kukumbukira mawuwo inenso, ndipo sanabwere. Ndinakumbukira zimene ankanena, koma osati kamvekedwe kake. Ndinachita mantha, ndipo ndinavomera.

Ndinapita ku Chinsapo Loweruka m'mawa. Alamu anali telala, ndipo makina a achimwene anali pabalaza pambali pa makina awo osokera, onse awiri atafunditsidwa zitenje zofanana. Nditangovundukula chitenje, fungo linandipeza maso asanaone kanthu. Linali fungo la mafuta a makina osokera.

Ndinagwira kagudumu ka labala kamene kamapanikiza tepi kuti iziyenda mofanana. Chala changa chinalowa ngati ndagwira phala lozizira, n'kutuluka chitada bii. Mabuleki a mawilo anali noninoni. Mahedi, tizitsulo timene timawerenga mawu patepi, anali kung'anima ndi mafuta. Tepi yeniyeniyo inali itada mbali imodzi, m'mphepete moyang'ana kumakina, mmene mafuta anayenderera kuchokera pa ekiselo ya wilo.

"Ndani wathira mafuta umu?" ndinakalipa. Pakamwa panga sipachedwa, ndi vuto langa lakalekale.

"Ndine," alamu anayankha, ndipo anayankha monyadira. "Loweruka lililonse ndikamathira angawa ndimadonthezanso awa, paliponse pamene pakuoneka kuti pamazungulira. Ndimati asachite dzimbiri mwini wake kulibe."

Ndinatuluka panja ngati ndikukafuna madzi osamba m'manja. Ndinakaima kuseri kwa nyumba. Kwa telala mafuta ndiwo chikondi cha makina, ndipo mayiyu sanadumphe Loweruka ngakhale limodzi. Koma mawu patepi amakhala mu kafumbi kofiirira komatidwa pa kapulasitiki kopyapyala. Mafuta akalowamo chomatiracho chimafewa, ndipo tepi ikamadutsa pamahedi kafumbi kaja kamakokoloka. Ndinadziwa pomwepo kuti tepiyo mwina idzayenda ulendo umodzi wokha. Ndikalakwitsa paulendo umenewo, achimwene adzakhala atafa kachiwiri, m'manja mwanga, akazi awo akuyang'ana.

Alamu anakana kuti makinawo atuluke m'nyumba, choncho ndinkatseka benchi masana n'kukwera minibasi ya ku Chinsapo. Choyamba ndinachotsa tepi ija ndi manja awiri, ndikupuma pang'onopang'ono, n'kuiika m'kabati pakati pa mapepala oyamwa mafuta. Kenako ndinayamba kupukuta. Sipiriti ndi thonje, sipiriti ndi thonje, mpaka thonje lakuda linadzaza mbale. Lamba wa mota anali atasungunuka n'kumatirira pachitsulo. Wina wotero ukanamupeza kuti mu Lilongwe? Ndinadula malamba pa chubu cha njinga. Woyamba anathina, mota n'kumangobuula osazungulira, ine thukuta kamukamu kuopa kuti ipsa. Wotsatira ndiye anakwana. Mabuleki ndinawaveka chikopa cha lilime la nsapato yakale.

Kagudumu ka labala ndi kamene kanandiimitsa mutu. Ndinakatengera kwa bambo wina wachiyao amene ankasula zitsulo za magalimoto ku Biwi. Anakatembenuza m'manja, n'kudula kachidutswa ka payipi ya labala ya lole, n'kukaveka pachitsulo chake chapakati.

"Ka makina anji aka, achimwene?" anandifunsa.

"Muli mawu a munthu amene anatisiya, bambo. Mkulu wanga."

Sanafunsenso. Anatulutsa anyamata ake panja, n'kukapala yekha pamakina ozungulira, akuima pafupipafupi kuti akamve ndi chala.

Chinthu china ndinachita popanda kuuza aliyense. Makina otere ali ndi hedi yofufuta, imene imapukuta mawu akale munthu akafuna kujambula atsopano. Batani lake lofiira linali pafupi kwambiri ndi batani loyimbira, ndipo zala zanga masiku amenewo sindinkazikhulupirira. Ndinadula waya wake n'kuumata tepi yakuda.

M'bokosi la achimwene la zipangizo za ukalipentala ndinapezamo kachidutswa ka tepi yopanda kanthu. Ndinakalumikiza mutu ndi mchira kuti kazingozungulira, n'kuyatsa makina. Kanayenda bwinobwino pang'ono, kenako kanakwera pamwamba pa kagudumu kaja n'kutuluka katakwinyika, katatafunidwa m'mphepete monse. Ikanakhala tepi ya achimwene, nkhani ikanathera pomwepo. Kagudumu kanali katapendekeka pang'ono chabe, moti diso silikanaona. Ndinaikamo kawashala, kachitsulo kopyapyala kobooka pakati, n'kuyesa, n'kuchotsa, n'kupala kawashalako pamwala, n'kuyesanso. Chakudya chinaleka kundikomera. Makasitomala a ku Kawale ankandipeza ndikungoyang'ana wailesi yotsegula, sikuludiraiva ili m'manja, ndipo mayi wina anandifunsa ngati kunyumba kuli matenda.

Ndinayamba kuzengereza dala. Makina anali atakonzeka, koma ndinkauza alamu kuti kwatsala kakang'ono. Iwo ankangoti, "Chabwino alamu," n'kupitiriza kusoka mayunifomu. Kusadandaula kwawoko n'kumene kunkandipweteka.

Panalinso nkhani ya magetsi. Zaka zimenezo ankazima osatsanzika. Akazima tepi ili paulendo, mawilo akanatha kuikoka n'kuidula, kapena kuikhuthulira pansi, ndipo mabuleki anga a lilime la nsapato sindinkadziwa ngati akanaigwira. Ndinaganiza zoti tidikire tsiku limene magetsi azime usiku wonse n'kuyaka m'mawa, poti akatero ankakhalitsako.

Tsikulo linafika. Ndinalumikiza njira zonse zinayi ku wailesi yanga ya kaseti, n'kuikamo kaseti yatsopano kuti chilichonse chotuluka chigwidwe. Ndinayatsa babu la pabalaza kuti lizindiuza za magetsi, n'kutsegula chitseko kuti ndizionetsetsa mahedi. Alamu anakhala pampando wawo wosokera, manja ali pamiyendo.

"Alamu, ndikuuzeni zoona," ndinatero. "Mwina imveka kamodzi kokha."

Anayang'ana mbale ya thonje lakuda ija, imene ndinaiwala pansi pa tebulo.

"Ndi mafuta anga aja, eti?"

"Ayi, tepi imakalamba ngati munthu."

Anali mayi wodziwa makina, ndipo bodza langa silinawadutse.

Ndinakoleka tepi. Ndinadina kaseti kaye, kenako batani loyimbira. Mawilo anayamba kuzungulira. Pamakinapo panali timawindo tinayi, kalikonse ndi kamuvi kake, kamuvi kamodzi ka njira imodzi. Timivi tonse tinali titagona. Kunamveka kaphokoso ngati mvula yakutali. Kenako kamuvi kachiwiri kanadumpha, gitala n'kulira, ndipo koyamba kanatsatira.

Anali achimwene. Anali kutsogolera nyimbo ya mapemphero imene anapeka okha, ndi mawu awo aja okhala ngati akutulukira m'mphuno pang'ono, amene ndinkawaseka nawo. Sindinayang'ane alamu, maso anga anali pamahedi, ndipo zimene ndinkaopa zija ndinaziona zikuchitika. Pakona pa hedi panayamba kuunjikana kaphala kofiirira. Njira yoyamba inali m'mphepete muja munalowa mafuta. Mawu otsogolera anayamba kumveka ngati munthu akuimbira m'bulangete, ndipo kamuvi kake kanayamba kufooka.

Chala changa chinali pabatani loimitsira. Ndikanaimitsa, tepi ikanamatirira pahedi n'kusupuka. Ndikanabweza m'mbuyo, ikanakokolola ndi njira zinazo. Ndikanaisiya, mawu awo akanapitirira kutha ndikuonerera. Ndinaima pamenepo kakasi, ndipo sindinadine kanthu. Mawu otsogolera anazimirira pakati pa liwu, kamuvi koyamba n'kugona osadzukanso.

Nyimbo inapitirira yopanda mutu. Gitala ankalira, tenala ndi besi n'kumavomera pamalo pake, kuyankha munthu amene kunalibe. Ndi achimwene omwewo, inde, koma kuvomera kwa besi ndi kung'ung'udza chabe, sikuti n'kumene munthu amaitanira mkazi wake. Babu linaphethira kamodzi, koma linayakabe. Ndinkamva alamu akupuma kumbuyo kwanga. Ndinkadzifunsa kuti ndiwauza chiyani, kuti zimene anandituma zatha, zasanduka kaphala kapahedi koti ndipukute ndi thonje.

Gitala anamaliza. Timivi tonse tinagona. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma alamu anandigwira pamkono. Sindinawamve n'komwe akudzuka. Anandilozera kawindo kachinayi, ka njira ya besi, kutali ndi mafuta. Kamuvi kake kanali kakugwedera.

Kunamveka kutsokomola, mpando n'kukhuluzika pasimenti. Zikuoneka kuti tsiku limenelo achimwene atamaliza besi anaiwala kuzimitsa. Kenako analankhula, osati kuimba, koma kulankhula wamba, momveka ngati ali pampando wapakonapo.

"Mayi, tatsekani chitsekocho. Mphepo ikulowa mu maikolofoni, ndakuuzani kale."

Alamu anasiya mkono wanga. Anadutsa pakati pa makina awiri aja, kupewa mawaya anga osayang'ana pansi, n'kukatseka chitseko chimene ndinatsegula ine. M'nyumba munada, kutsala babu lokha. Anaima pomwepo atandifulatira, dzanja lili pachogwirira.

"Ndatseka, bambo," anatero.

Tepi inafika kumapeto, mchira wake n'kuyamba kumenya pamakina wilo likuzungulirabe. Kaseti yanga inali ikujambulabe, ndipo palibe mwa ife awiri amene anapita kukazimitsa.